Ulendo Wokapempha Mvula, Kucokera ku Zvishavane Kunka ku Matonjeni

Nkhani yathu ya lero iri ya ulendo wa pansi. Ambiri a inu muli nao agogo kapena atsibweni amene anayenda pansi milungu yambiri kucokera kwao kunka ku migodi ya kumwera, ndipo mbiri ya maulendo amenewo mwaimva kawirikawiri. Koma ulendo umene tifuna kufotokoza lero suli wokafuna nchito kapena ndalama ya msonkho iai. Uli wokapempha mvula. Tidzanena za anthu amene anauyenda, za cifukwa cimene anauyendera, ndiponso za buru, nyama imene ambiri aipeputsa, cinkana m'dziko louma ndiye bwenzi leni leni la munthu wa paulendo.

Dziko la Zvishavane

Tiyambe taona malo amene ulendo uyambira. Zvishavane ndi mudzi wa migodi m'cigawo ca Midlands, m'dziko la Zimbabwe, kumwera kwa Gweru ndi kumadzulo kwa Masvingo. Akuru akuru audziwa ndi dzina lakale la Shabani, limene linasinthidwa m'caka ca 1982. Kukumba mwala wa asibesitosi kunayamba kumeneko m'caka ca 1916, ndipo njanji inafika m'caka ca 1928. Mgodi wa Shabanie unakula kwambiri, nukoka anchito ocokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, kotero kuti kufikira lero m'makomboni a Maglas ndi Kandodo mupezeka mabanja a maina a kwathu. M'caka ca 2004 boma linatenga ulamuliro wa kampani ya mgodiwo, ndipo patapita zaka zowerengeka nchito yokumba inaima.

Koma mgodi usanabwere, eni dziko analipo kale, ndipo bvuto lao lalikuru linali limodzi, lomwe liripo lero lino: madzi. Dera lonse la Zvishavane, Mberengwa ndi Chivi liri la mvula yocepa, pakati pa mamilimita 450 ndi 650 pa caka, ndipo mvulayo siikhulupirika. Caka cina ibwera msanga nileka cimanga ciri m'maondo. Caka cina icedwa kufikira mbeu zaola m'nthaka. Dothi lambiri liri la mcenga, losasunga cinyontho. Mitsinje yaikuru, Runde ndi Ngezi, isefukira m'dzinja, koma m'malimwe timitsinje tambiri tisanduka mcenga wokha wokha. Cifukwa cace anthu a kumeneko kuyambira kale analima mapira, mcewere ndi mawere, mbeu zopirira dzuwa. Munthu wokhala m'dziko lotere sangathe kuiwala mvula tsiku limodzi lomwe, ndipo funso lakuti mwini mvula ndani, ndi kuti alankhulidwa kuti, siliri funso la masewera kwa iye.

Matonjeni

Kumadzulo, kumwera kwa mzinda wa Bulawayo, kuli mapiri a Matobo, amene Azungu anawacha Matopos. Ali mapiri a miyala ikuru ikuru yosanjikizana, okhala ndi mapanga ambiri ndi akasupe amene sauma msanga. Mfumu Mzilikazi ya Amandebele, imene inamwalira m'caka ca 1868, inaikidwa m'mapiri omwewo, ndi Cecil Rhodes yemwe anaikidwa komweko m'caka ca 1902. M'caka ca 2003 bungwe la UNESCO linawalemba pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

M'mapiri amenewa muli mapanga opatulika kumene anthu apembedza Mulungu, amene Akalanga amuchula Mwali, Ashona Mwari, ndi Amandebele Mlimo. Mapanga ochuka ndiwo Njelele, Dula, Zhilo ndi Wirirani, ndipo anthu a kum'mawa akanena za malo onsewa pamodzi angoti Matonjeni. Mwari ali nao maina ena otamanda. Limodzi ndilo Dzivaguru, ndiko kunena Dziwe Lalikuru, dzina limene lisonyeza poyera kuti anthu amuyesa mwini madzi. Asunga malowa ndi ansembe a pfuko la Ncube, amene m'Cishona achedwa a Shoko, pamodzi ndi akazi opatulidwa ochedwa mbonga, ndi obvina ochedwa hosana.

Cipembedzo cimeneci ndi cakale koposa ufumu wa Amandebele. Cinali cogwirizana ndi mafumu a Arozvi, ndipo pamene Mzilikazi anafika m'dzikomo caca m'caka ca 1840, sanacithetse, koma iye ndi mwana wace Lobengula anatumiza mphatso kumapangako. Apa pali cinthu coyenera kucisunga m'mtima. Mitundu imene inamenyana nkhondo, yolankhula zinenero zosiyana, inakomana pa khomo limodzi ikafuna mvula, pakuti mtambo sudziwa malire a mfumu.

Mthenga ndi nchito yace

Tsono anthu onse a m'dziko sakanatha kunyamuka kunka ku Matonjeni. Cifukwa cace dera liri lonse linali naye mthenga wace, amene m'Cishona achedwa nyusa kapena munyai. Ameneyu sanali munthu wamba wongodzisankha yekha. Anali wodziwika kwa mfumu ya dziko, wodziwikanso kwa ansembe a ku mapiri, ndipo kawirikawiri udindowo unakhala m'banja limodzi. Mafumu a ku Mberengwa, Zvishavane, Chivi, ngakhale a kutali monga ku Gutu, anali nao amithenga otere.

Nthawi yaikuru ya ulendo inali m'miyezi yotentha, mvula isanayambe, kuyambira August kufikira October. Mfumu inauza nyakwawa zace kuti zisonkhe mphatso m'midzi. Zopereka za makolo zinali nsaru yakuda, fodya, makasu, ndi nthawi zina ng'ombe yakuda, ndipo m'masiku a pambuyo pace anthu anayamba kusonkha ndalama. Kuda kwa zinthuzi kuli ndi tanthauzo lace: ndiwo maonekedwe a mtambo wolemedwa ndi madzi. Zoperekazo sizinali za munthu mmodzi, koma za dziko lonse, kotero kuti mkazi wamasiye amene anaponya kakobiri kace anali nalo gawo m'pempho, monga momwe anali nalo mwini khola lodzala. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mvula ndiyo denga lalikuru koposa onse.

Pamodzi ndi mphatso mthenga ananyamulanso mau. Anayenera kukafotokoza za dziko lace: ngati kuli matenda, ngati dzombe lagwa, ngati mfumu yamwalira ndipo abale alikukangana za colowa, ngati mwazi wakhetsedwa. Pakuti m'maganizo a anthuwo mvula ndi makhalidwe a anthu ziri zomangika pamodzi. Kumene abale adana, kumene anthu alima pa tsiku lopumula lochedwa chisi, kumene mitengo ya pa malo opatulika idulidwa, kumeneko mitambo ipatuka.

Pa njira

Kucokera ku Zvishavane kufika ku mapiri a Matobo pali mamailosi pafupifupi 100, ndipo njira za pansi zokhota khota ziutalikitsa ulendowo. Munthu wolimba, woyenda mamailosi 20 pa tsiku, afunika masiku 5 kuti afike, ndi ena 5 kuti abwerere. Wotsogoza ng'ombe acedwa koposa apo, popeza ng'ombe iyenera kudya ndi kumwa. Wopita kumadzulo aoloka Ngezi, napyola dziko la mapiri la Mberengwa, naoloka Insiza pafupi ndi Filabusi, naolokanso Umzingwane, ndipo pamenepo miyala ya Matobo iyamba kuoneka patsogolo pace.

Taganizani za nyengo imene ulendo ucitika. Ndiyo nthawi imene dzuwa liswa mtengo, udzu wapsya, ndipo m'mitsinje munthu ayenera kufukula mcenga kuti apeze madzi akumwa. Wa paulendo wanzeru alawira mbanda kuca, napumula pa mthunzi dzuwa likafika pamutu, nayambanso kuyenda litapendeka. Usiku apempha malo pa mudzi. Ulendo wotere sungatheke popanda ufulu wa eni midzi, ndipo eni midzi adziwa kuti mvula imene mlendoyo akapempha siidzagwa pa munda wa kwao kokha.

Atafika, mthenga salunjika ku phanga monga munthu alowa m'sitoro. Ayamba wafika ku mudzi wa wansembe, napereka moni, natula mphatso, nadikira. Kudikirako kungathe kukhala kwa masiku. Nthawi ikakwana, kawirikawiri usiku kapena m'banda kuca, alendo akwera ku phanga atabvula nsapato. Akhala pansi atafulatira khomo la phanga, naomba m'manja, ndipo wansembe anena za kumene acokera ndi cimene adzera. Pamenepo Mau amveka kucokera m'thanthwe, m'cinenero cakale cimene wansembe amasulira. Mauwo afunsa, adzudzula, alangiza, ndipo nthawi zina akana, nanena kuti anthu ayambe akonza colakwa cao.

Zimenezi sitizidziwa mwa mphekesera yokha. Wophunzira wina, M. L. Daneel, analoledwa kukhala pa msonkhano wotere m'caka ca 1967, nalemba zimene anaona m'buku lochedwa The God of the Matopo Hills, limene linaturuka m'caka ca 1970. Joshua Nkomo, m'buku la mbiri ya moyo wace la m'caka ca 1984, anasimba kuti anapita ku Dula m'caka ca 1953, ndi kuti anauzidwa kumeneko kuti dziko lidzabwerera kwa eni ace patapita zaka 30, koma nkhondo itayamba yacitika. Mwa ici tiona kuti anthu sanapite ku Matonjeni cifukwa ca mvula yokha, koma cifukwa ca ciri conse cokhudza moyo wa dziko.

Pobwerera mthenga afotokoza zonse kwa mfumu, ndipo pamenepo midzi ikonza mwambo wace wa mvula, umene m'dera limeneli uchedwa mutoro, ndi kwina mukwerera. Mowa wace aphika ndi amai okalamba amene analeka kubala, ndipo uthiridwa pansi pa mtengo wopatulika kapena pa phiri. Ulendo sunathe kufikira mau afika m'makutu a anthu amene anatuma.

Buru

Tsopano tinene za buru. Ali yense amene wayenda m'misewu ya pakati pa Zvishavane ndi Bulawayo waona aburu ambiri, ena akukoka ngolo, ena atasenza zigubu za madzi kapena matumba a kucigayo. Ashona amucha mbongoro kapena dhongi, ndi Amandebele ubabhemi. Buru ndi nyama ya mu Afrika mweni mweni. Ophunzira apeza kuti anayamba kuwetedwa kumpoto ca kum'mawa kwa Afrika zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, kucokera kwa buru wa m'cipululu. Koma kumwera kuno anafika mocedwa, pamodzi ndi Azungu, ndipo cimene cinakweza mtengo wace ndi tsoka.

M'caka ca 1896 mliri wa ng'ombe umene Azungu aucha rinderpest unaoloka Zambezi nufika ku Bulawayo. M'madera ambiri ng'ombe 9 mwa 10 zinafa. Ngolo zinaima m'njira, ndipo makola anakhala pululu. Caka comweco kunali cirala ndi dzombe, ndipo ndico caka cimene Amandebele ndi Ashona anaukira ulamuliro wa Azungu. Mliriwo unagwira nyama za ziboda zogawanika, koma buru sunamkhudze. Matenda ena amene apha akavalo m'dzinja samgwetsanso buru kawirikawiri. Cotero onyamula katundu anatembenukira kwa aburu ndi nyuru, ndipo m'kupita kwa zaka buru anakhala ciweto ca anthu a m'midzi ya dziko louma.

Cifukwa ninji buru ayenera ulendo wautali wa m'malimwe? Coyamba, apirira ludzu koposa ng'ombe ndi kavalo, ndipo akapeza madzi amwa msanga nabwezera mphamvu yace. Caciwiri, adya udzu wouma, masamba ndi makoko a mitengo, zimene kavalo sangakhute nazo. Cacitatu, mayendedwe ace alingana ndi a munthu, mamailosi 2 kapena 3 pa ora, kotero kuti mwini wace sathamanga, ndipo sakokanso cingwe. Cacinai, aponda mosamala pa miyala ndi m'tinjira topapatiza m'mene ngolo siingapite.

Koma pali malamulo ace, ndipo amene awanyoza alira m'njira. Katundu wa ulendo wa masiku ambiri asapitirire makilogalamu 40, ndiko kunena kuti acepe pa thumba limodzi la cimanga. Agawidwe pawiri molingana, kulamanja ndi kulamanzere, pakuti katundu wopendekera ndiye acekeca msana. Pansi pa katundu payalidwe ciguduli cofewa, ndipo kulemera kukhale pa nthiti, kusakhale pa pfupa la msana. Zingwe zikhale zacikopa kapena zansaru, zisakhale waya kapena lamba wa mphira amene atentha khungu. Madzulo ali onse mwini atule katundu, ayang'ane zironda, acotse timiyala m'ziboda, ndipo amlole buru agubuduke m'pfumbi, popeza ndiko kusamba kwace. Ampatse madzi oyera, pakuti buru akana madzi onunkha ngakhale ali ndi ludzu.

Anthu ati buru ndi waliuma. Zoona zace ndi izi: kavalo akaopa athawa, koma buru akaopa aima naganiza. Akafika pa mtsinje, pa ulalo wa mitengo kapena pa matope, afuna aone kaye ngati pali poponda. Womkwapula pamenepo angoonjezera mantha. Wanzeru atsogola yekha, naima tsidya, nadikira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kumbukiraninso kuti buru sakonda kukhala yekha, ndipo awiri ozolowerana ayenda bwino koposa mmodzi. Masiku ano abvutika ndi mdani wina watsopano, ndiwo malonda a zikopa zace zimene zifunidwa ku China, ndipo m'mwezi wa February 2024 atsogoleri a bungwe la African Union anagwirizana kuletsa kupha aburu cifukwa ca zikopa.

Za maiko ena

Kuyenda ndi buru kunka ku malo opatulika ndi mwambo wakale kwambiri. Owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti m'mutu 22 wa Genesis, Abrahamu anamanga buru wace m'mamawa nayenda ndi Isake ndi anyamata awiri kunka ku dziko la Moriya kukapereka nsembe, nafika tsiku lacitatu. Buru anatsala m'tsinde ndi anyamata, ndipo okwera phiri anasenza okha nkhuni ndi moto.

Ku Ulaya kuli njira yochuka yonka ku Santiago de Compostela, m'dziko la Spain, kumene Akristu akhulupirira kuti kuli manda a mtumwi Yakobo. Anthu akhala akuiyenda zaka zoposa 1,000. Woyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, m'malire a France, ayenda mamailosi pafupifupi 500, ndiwo mwezi wathunthu ndi masiku ena. Pa malo ali onse ogona adinditsa cidindo m'kabuku kace, ndipo kalata ya umboni ipatsidwa kwa iye amene wayenda pansi kapena pa kavalo makilomita 100, kapena pa njinga makilomita 200. Kufikira lero alipo ena amene asankha kuyenda ndi buru, makamaka mabanja okhala ndi ana ang'ono. Iwo apeza kuti buru awacedwetsa, popeza ayenera kumfunira msipu ndi pogona, koma apezanso kuti pa mudzi uli wonse anthu aturuka kudzaona nyamayo, ndipo mlendo amene akanapita osalankhulidwa apeza abwenzi.

Mlembi wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, anayenda masiku 12 m'mapiri a Cévennes ku France m'caka ca 1878, mamailosi pafupifupi 120, ali ndi buru wamkazi dzina lace Modestine. Utali wa ulendo wace usiyana pang'ono pokha ndi wa ku Matonjeni. Masiku oyamba anabvutika kwambiri cifukwa sanadziwe kumanga katundu, ndipo anamenya nyamayo kosayenera, koma pa mapeto, ataigulitsa, anagwidwa ndi cisoni. Buku lace linaturuka m'caka ca 1879, ndipo lero anthu ambiri abwereka aburu nalondola mapazi ace.

Za kwathu

Omvera a ku Malawi, a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete sadzayesa nkhani ya Matonjeni yacilendo. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene Amang'anja asunga kacisi wa Mbona, ndipo kumenekonso nsaru ya nsembe iri yakuda. Pakati pa Acewa panali Makewana wa ku Msinja, mkazi wopatulidwa kwa Cisumphi, ndi kacisi wa pa phiri la Bunda. Mafumu anatumiza amithenga ao ndi mphatso ku malo amenewa monga momwe anacitira mafumu a kumwera. Zinenero zisiyana, koma maganizo ali amodzi: mvula ipemphedwa ndi dziko lonse, mwa munthu wotumidwa, pa malo odziwika, ndipo pempho liyenda ndi kukonza makhalidwe.

Cotero amuna a kwathu amene anafika ku Shabani, ena ataoloka Zambezi pa Tete, ena pa Feira, anapeza eni dziko akucita cinthu cimene anacisiya kwao. Iwonso anali anthu a ulendo wa pansi. Malole a Ulere asanayambe kunyamula anchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ambiri anayenda njira yonse ndi miyendo, m'magulu, poopa mikango ndi acifwamba, pakuti kuyenda awiri si mantha. Ena anabwerera kwao, ena anachona, ndipo zidzukulu zao lero zidya nsima ya mvula ya dziko lomwelo.

Cirala ca 1992

Mwina wina afunsa kuti, kodi zimenezi sizinathe? Zasintha ndithu. Amithenga a masiku ano akwera basi, ndipo ulendo wa masiku 5 utha tsiku limodzi. Akristu ambiri sabvomera kusonkha za ku Matonjeni, napemphera mvula m'machalichi mwao kapena pa mapiri ao. Malo enieniwo aona mabvuto, ndipo m'caka ca 2018 anthu osadziwika anaononga phanga la Njelele, cinthu cimene cinakwiyitsa mafumu ndi anthu ambiri.

Koma cirala cikafika, funso lakale libweranso. M'dzinja la 1991 kufikira 1992 mvula inakana kum'mwera konse kwa Afrika. Ku Zimbabwe ng'ombe zoposa 1,000,000 zinafa, ndipo m'madera ouma mabanja amene anatsala ndi aburu ndiwo anali ndi colimira mvula itabweranso. M'caka comweco kunabuka mai wina wochedwa Ambuya Juliana, amene anayendayenda m'madera a Mberengwa ndi Zvishavane nanena kuti watumidwa kucokera ku Matonjeni. Makamu a anthu anasonkhana kudzamva iye. Analamula kuti anthu asunge chisi, alemekeze malo opatulika, ndi kubwezera miyambo ya mvula. Ena anamtsata ndi mtima wonse, ena anatsutsana naye, makamaka a machalichi, ndipo m'midzi yambiri munali mikangano.

M'dera lomwelo munali munthu wina amene anayankha funso la madzi mwa njira yace. Ndiye Zephaniah Phiri Maseko, amene maina ace makutu athu awadziwa bwino. Anabadwa m'caka ca 1927, nagwira nchito ya njanji, nacotsedwa m'caka ca 1964 cifukwa ca ndale. Atabwerera ku munda wace waung'ono, wokhala m'tsinde mwa thanthwe, anayamba kupenyetsetsa kumene madzi apita mvula ikagwa. Anaona kuti athamanga pa thanthwe, nakokolola nthaka, natha tsiku lomwelo. Tsono anamanga timakoma ta miyala kuti acepetse liwiro lao, nakumba maenje ndi ngalande kuti madziwo alowe pansi, nabzala mitengo ya zipatso, nthoci ndi bango. Nchito imeneyi anaicha kubzala madzi. Zitsime zace zinasunga madzi m'zaka zimene za anansi zinauma. Anayambitsa bungwe la Zvishavane Water Project, ndipo m'caka ca 2006 analandira mphotho ya National Geographic Society. Pamene anamwalira m'caka ca 2015, alimi ambiri ocokera kutali, ndi a maiko ena omwe, anali atafika kale pa munda wace kudzaphunzira. Munda wa munthu mmodzi unasanduka malo amene anthu ayendera ulendo.

Mau otsiriza

Siiri nchito yathu pano kuuza munthu kumene ayenera kupemphera. Ali yense ali naco cikhulupiriro cace. Koma pali zinthu zitatu zimene tonse tingatole m'nkhani imeneyi. Coyamba, makolo anadziwa kuti njala siigwera khomo limodzi, ndipo anasonkha pamodzi mvula isanacedwe, osati nkhokwe zitatha. Caciwiri, walira mvula walira matope: wopempha madzi akonzeretu powalandirira, pakuti mvula yogwa pa nthaka yopanda mitengo ndi mizere ipita ku nyanja pamodzi ndi dothi lace. Cacitatu, ciweto cimene cikusenzerani katundu m'caka cabwino ndico cidzakulimirani m'caka coipa. Inu amene muli ndi aburu, ku Dedza, ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Zvishavane, madzulo ano mukamasula ngolo muyang'ane pa msana ndi pa khosi pa nyama yanu, ndipo ngati pali cironda muitsuke ndi kuipumitsa kufikira capola.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe yino, tidzakamba za kakumbidwe ka maenje osunga madzi m'munda.